Mzere wa Pensulo

Nyumba yawo inali ndi zipinda ziwiri zogwiriramo ntchito. Cha kumsewu chinali cha mkazi, mmene munali makina osokera, nsalu za eni ndi choko cholembera miyezo. Cha kuseri chinali cha mwamuna, ndipo mmenemo munkanunkha girisi, palafini ndi mkuwa. Bambowo ankakonza matelesikopu akale, mipope ija ya magalasi imene anthu amaonera zakumwamba, pamodzi ndi miyendo ndi mitu yachitsulo imene mipopeyo imakhalapo. Anthu a mumsewuwo anawapatsa dzina loti aNyenyezi, poyamba mowaseka, kenako linangokakamira. Nawonso mkazi wawo ankangomuti aTelala, ngakhale pokangana.

Telala analowa m'banjali kudzera pa kagalasi. Anyamata ena ankamulonjeza nsapato ndi mawotchi. Awa anamuimika pa telesikopu, pabwalo la mpira, n'kumuuza kuti atsinzine diso limodzi. Anaona kanyenyezi kachikasu katavala mphete, kali phee pakati pa mdima, ndipo pochotsapo diso anali atalola kale.

Tsopano maso a aNyenyezi anali kutha. Dokotala anati ndi nthenda imene imadya diso kuyambira m'mbali, pang'onopang'ono, ngati khala la moto pa nsalu. Chimene chapita sichibwerera, koma mankhwala odontheza m'maso m'mawa ndi madzulo akhoza kuteteza chotsalacho kwa zaka ndithu. Telala ndiye ankawadontheza, chibwano chawo chili m'dzanja lake. Chimene ankaopa si mdima wokha ayi. Ankaopa tsiku limene amuna ake adzanene kuti basi.

Pa benchi panatsala telesikopu imodzi, imene anaitola kwa ogula zitsulo zakutha: mpope wautali wamkuwa, pamutu wachitsulo umene magiya ake anali atagwirana ndi dzimbiri. Dzinja lonse aNyenyezi analimbana ndi mutuwo. Anauviika m'palafini, anapala mano a giya limodzilimodzi ndi fayilo, akumva ndi chala pamene diso lalephera, mpaka mpopewo unayamba kutembenuka ndi chala chimodzi chabe. Linatsala ndi galasi lakutsogolo, limene linali litachita chuku mkati.

"Awa ndi mayeso anga, aTelala," anatero. "Ndikatsuka galasili n'kuloza mlongoti wa foni uli paphiri uja, mawaya ake n'kuwaona limodzilimodzi, ndiye kuti ndikadali mmisiri. Akapanda kuoneka, mng'ono wanga abwere adzatenge zida."

"Inutu simunakhozepo mayeso chibadwire. Muyambe lero?"

"Ndinakhoza amodzi. Si awa mukundiphikirawa?"

M'mawa wa tsiku lopita kuchipatala, aNyenyezi anamasula mkombero wa kutsogolo kwa mpope n'kutulutsa galasi lija. Silinali limodzi, anali awiri osanjikizana ngati mbale. Anawaika pansalu yoyera. Kunja mng'ono wawo, dalaivala wa lole, anali ataliza kale hutala.

"Achimwene, tiyeni! Nyenyezi zanuzo sizithawa, koma dokotala amaweruka!"

"Ndidzawatsuka mawa," anatero aNyenyezi akuvala jekete. "Lero akandithira zija zokulitsa maso, ndibwera ngati kadzidzi."

Lole itapita, Telala anakhala pamakina, koma phazi linkakana kupalasa. Mawa! Nanga mawa lonselo munthu agone bwanji ndi mayeso pamutu? Ndiponso timizu ta chukuto tinali tating'ono kuposa ulusi, maso awo aja akanationa? Iye anali ataona kambirimbiri mmene magalasi amatsukidwira, ataima pakhomo, singano ili kukamwa: madzi ofunda, dontho la sopo, thonje losatikita koma kungokoka, kenako spiriti. Anadziona m'maganizo akuwalandira pakhomo, telesikopu itaima kale pakhonde ili waliwali, iwo akugwira pakamwa. Anasiya diresi la eni lili pakati pa msoko.

Anatsuka bwino, palibe akanamunena. Chuku chinachoka, magalasi anangoti mbee ngati madzi oundana. Powaumitsa anaona kuti m'mphepete mwake, mokhakhala muja, muli mzere wa pensulo wodutsa magalasi onse awiri, ndi kamuvi kakang'ono. Pakati pawo panamatiranso tizidutswa titatu totuwa, ngati zinyenyeswa za pepala la m'paketi ya fodya. Telala anagwedeza mutu. Kwa iye ntchito yotha siituluka m'nyumba ili ndi choko. Mzere umalemba podula, ukasoka umausasa, mwini chovala asaone pamene unakayika. Ananyowetsa thonje n'kufufuta mzerewo mpaka psiti. Tizidutswa tija anatikanda ndi chikhadabo n'kutiuzira pansi. Kenako anasanjikiza magalasi mmene anaonera kuti akhala bwino, anamanga mkombero, n'kukokera telesikopu pakhonde.

Lole inabwera dzuwa litapendeka. ANyenyezi anatsika mwakachetechete, ndipo mng'ono wawo, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anali kungosewera ndi makiyi.

"Akuti bwanji adokotala?"

"Akuti lakumanzere latsika. Lakumanja likugwirabe." Kenako anaona mkuwa ukunyezimira pakhonde. "Aa! Mwatsuka ndinu?"

"Nanga ndani? Alamuwa?"

"Ine ngakhale galasi la lole ndimadikira mvula," anatero dalaivala.

ANyenyezi anasisita mpopewo, n'kugwira dzanja la mkazi wawo pamaso pa mng'ono wawo, chinthu chimene sankachita. Anadikira kuti mankhwala a kuchipatala aphwe m'maso, ndipo m'mawa mwake, dalaivala atabweranso kudzaonerera, analoza mpope kuphiri. Anaika diso lakumanja, labwino lija. Anapotokola kagudumu kowongolera, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso. Telala ankayang'ana khosi lawo, mtsempha ukugunda.

Anaweramuka. "Mng'ono wanga, lole ili ndi malo Loweruka?"

"Taimani kaye, ndione," anatero Telala, n'kuwakankha. Mlongoti unalipo, koma ngati uli pansi pa madzi a sopo, m'mbali mwake muli chifunga chofiirira. Waya ngakhale mmodzi. "Inetu sindikuonanso! Si maso anu ayi, ndi chinthuchi!"

"Zikomo, aTelala."

"Zikomo wa chiyani? Alamu, taonani inu!"

Dalaivala anawerama, anatsinzina diso lolakwika, n'kusintha. "Ine m'mipope yanuyi zonse zimaoneka chimodzimodzi. Koma alamu akunena zoona, achimwene, muli utsi."

"Mwapangana liti?" anafunsa aNyenyezi mofatsa. "Dzulo, ndili kugona?"

Telala anayang'ana mkombero wa kutsogolo kwa mpope. "Kodi," anatero, "mzere wa pensulo uja, m'mphepete mwa magalasi, unali wa chiyani?"

Nkhope yawo inawala pang'ono, monga inkachitira munthu akafunsa za ntchito. "Umene uja ndi moyo wa galasi. Amene anasema magalasiwa, munthu woti anafa kalekale, anawatembenuza, kuwatembenuza, mpaka anapeza pamene awiriwa amamvana. Ndiye analemba mzere kuti wobwera pambuyo asasochere, ndi kamuvi koloza kumwamba. Potsuka timauphimba ndi chala. Ndi tizidutswa titatu tija, timene timaletsa magalasi kukhudzana."

"Ndinafufuta. Tizidutswato ndinataya."

ANyenyezi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola. "Inu? Zaka zonsezi muli pakhomo la chipinda changa? Mwalisoka bwino bodzali, aTelala, msoko wake suoneka. Koma inu simungachite zimenezo."

"Ndachita! Masulani muone!"

"Ndione chiyani? Mzere wa pensulo? Ine amene ndalephera kuona mlongoti?"

Analowa m'nyumba. Madzulo ake Telala atabwera ndi kabotolo ka mankhwala, iwo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Nditeteze chiyani? Kuti ndiziona mbale ndi supuni? Supuni ndimaipeza ndi dzanja."

Anayesa zonse. Analira, anakalipa, anawopseza kuti apita kwawo, anayesa kuwadontheza ali m'tulo ndipo anangonyowetsa pilo. Analumbira pa manda a mayi ake kuti anafufutadi mzerewo. Iwo ankangomusisita pamkono n'kunena kuti, "Muli ndi mtima wabwino." Mawu amenewo ankamuwawa kuposa mbama.

Loweruka lole inabwera. Anakweza benchi, mafayilo, mabotolo a masikuluwu osankhidwa mwa kukula kwake, makina osemera zitsulo. Dalaivala atagwira mwendo wa telesikopu, Telala anaima kutsogolo.

"Iyi ayi, alamu."

"Alamu, muzisokera chiyani imeneyi? Makatani a kumwamba?"

"Ndati ayi."

Anaikokera m'chipinda chake, pakati pa nsalu, pafupi ndi zenera loyang'ana kuphiri. Ngati mawu akanika, mawaya a mlongoti akalankhula okha. Ankaganiza kuti ndi ntchito ya masana amodzi. Magalasi awiri okha, angavute pati? Koma lililonse lili ndi nkhope ziwiri zofanana m'maso, lililonse likhoza kukhala kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo ukapeza zimenezo pamatsala kuzunguliza limodzi pa linzake, pang'ono, pang'ono, ukumasula ndi kumanga mkombero ulendo uliwonse. Tizidutswa anadula ndi sizasi yake: pepala la m'paketi ya tiyi linali lopyapyala, la pachivundikiro cha mkaka lokhuthala. Tsiku lina mlongoti unkaoneka bwinoko, mawa lake ankasokoneza n'kuiwala pamene anali. Ndi pamene anayamba kulemba mizere yakeyake m'mphepete mwa galasi, ndi pensulo.

Eni madiresi anabwera, anadandaula, ena anatenga nsalu zawo zosasoka. Iye sankawamva n'komwe. Makutu ake anali kuseri kwa khoma, kumene amuna ake ankayenda. Poyamba anagunda phewa pafelemu ya chitseko. Kenako anagwetsa kapu imene inali pambali pa mbale. Kenako anayamba kufunsa kuti, "Ndani?" munthu ataima pafupi.

"Tandithandizani," anawapempha tsiku lina. "Ndiuzeni chabe, lokhuthala pakati limakhala kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Siyani, mayi. Sokani madiresi a anthu."

Anasiya kumutchula kuti aTelala. Zimenezonso anaziona.

Masamba a mtengo wa pamsewu anali atayoyoka pamene zinatheka. Anali masana, kunja kuli ngwee. Anazunguliza galasi pang'ono ngati masiku onse, anamanga, anaika diso, ndipo mlongoti unadumphira pamaso pake: mawaya, mabawuti, dzimbiri la pa mabawutiwo, ndi kambalame kakudzikanda pansi pa phiko. Anakuwa yekha. Pamwamba pa phirilo panali mwezi wamasana, theka, wotuwa ngati chidutswa cha sopo. Anakokera telesikopu pakhonde n'kuulozetsa kumeneko. Mayo ine! Maenje, mapiri, mithunzi yakuthwa ngati yodula ndi lezala. Mlongoti wa chiyaninso? Aone izi!

Anawapeza atakhala pabedi, nsapato imodzi ili m'manja.

"Dzukani! Yatheka!"

"Mayi, ndatopa nazo."

"Kamodzi kokha. Mukapanda kuona, ndikaiponya ndekha kwa a zitsulo, sindidzatchulanso."

Anakana. Anamufunsa ngati eni madiresi abwera. Anafuna madzi akumwa. Anati nsapato inayo ili kuti, ndipo inali pafupi ndi phazi lawo. Telala anagwada n'kuwaveka, anawagwira mkono, akuwakoka ngati mwana, iwo akuyenda ngati akuwoloka mtsinje. Pakhonde anawagwiritsa mpope, ndipo zala zawo zinapeza zokha poika diso.

"Ndi mwezi," ananong'ona Telala. "Musakhudze kanthu, ndawongola kale."

Anayang'ana nthawi yaitali. Mphepo inkagwedeza kolala ya shati lawo.

"Aa," anatero. "Aa, aTelala."

"Mukuona?"

"Ndikuona. Dzenje lalikulu lija lili ndi kaphiri pakati. Ndi mzere wa mapiri wokhota ngati chikwakwa. Mthunzi wake uli bii." Anatero diso lidakali pakagalasi. "Mwakhoza. Inu ndinu mmisiri."

Telala anadziphimba kumaso ndi epuloni. Ndiye kuti akhulupirira! Madzulo ano kabotolo, mawa kwa dokotala, Loweruka alamu abweze benchi, ngakhale adandaule za mafuta a lole. Zonse anazikonza m'kamphindi kameneko.

Iwo atangoweramuka, iye anaikapo diso lake, kuti aone chimene awiriwo aona.

Munalibe kanthu. Thambo lokhalokha, lobiriwira, lopanda ngakhale kamtambo. Anaganiza kuti mwina agunda mpope, koma mutu wachitsulo uja sunkasuntha wokha, ndipo anawaona, sanakankhe. Mwezi ndiwo unali utayenda, monga umayendera nthawi zonse, pamene iye ankalimbana ndi madzi akumwa ndi nsapato. Anakankha mpope pang'ono, palibe. Anakankhanso, palibe. Anaupeza patali ndithu. Unali utachokamo kalekale, iwo asanatuluke n'komwe m'chipinda.

"Tsopano mubwerere ku makina anu," anatero aNyenyezi kumbuyo kwake. "Mwaonda nazo izi."

Telala sanachotse diso pakagalasi. Mwezi unali kutsetserekanso kupita m'mphepete, ndi maenje ake onse, ndipo iye anangousiya. Kumbuyo anamva chikhatho chikukhwekhwereza pakhoma, pang'onopang'ono, chikufunafuna chitseko.