Wailesi ya M'galaja ndi Sizasi ya Azakhali

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo, anali ataimirira pampando m'galaja mwathu ku Robinvale, atanyamula kabokosi ka intaneti m'mwamba ngati akupereka nsembe. Ankakhulupirira kuti kakayandikira denga mawu amathamanga. Ine ndinali pakompyuta ndikuyeza liwiro.

"Werenga, Maikolo."

Ndinawauza kuti manambala alipo awiri: yolandira 22, yotumiza 0.6. Iwo anamva yoyambayo basi, n'kutsika pampando akumwetulira. Ndinawafotokozeranso, mwina kakhumi tsopano, kuti wailesi yawo ya paintaneti silandira, imatumiza. Nyumba yathu inali ndi msewu waukulu wolowera, koma potulukira panali kanjira ka mbewa. Mawu awo ankafuna theka la kanjirako, ndipo munthu mmodzi akangoyamba kutumiza vidiyo pafoni, kwathu ku Tonga ankamva ngati bambo akulankhulira pansi pa madzi.

"Zaka ziwiri ku koleji ku Melbourne," anatero, "kuti udzandiuze kuti nambala yaing'ono ndiye yaikulu. Ukanamaliza chaka chachitatu bwenzi ukundiuza kuti mphesa ndi mbatata."

Sindinaseke. Ndinakwera basi kubwerera ku Mildura komwe ndimatsuka magalimoto, osatsanzika. Lachiwiri bambo anagwa pakati pa mizere ya mphesa, ndipo anzawo atawatembenuza anapeza kwatha.

Wailesi yawo inkalankhula Loweruka lililonse 2 koloko masana: nyimbo zakale za kwaya, moni, yemwe wabereka, yemwe nkhumba yake yathawa. Omvera anali khumi ndi anayi. Mmodzi anali amayi, omwe anapita ku chilumba cha Foa ku Tonga kukadwazika mchemwali wawo, chitupa chobwerera n'kuchedwa kutuluka. Kumeneko vidiyo siyenda, koma mawu okha. Atandiimbira Lachitatu sanalire. Anangoti Loweruka akakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, pomwe foni imagwira, ndipo ine nditsegule wailesi nthawi yake yomweyo kuti amve mwamuna wawo akuperekezedwa. Sanafunse ngati ndingathe.

Loweruka bambo anawagoneka pabalaza. Ndinakoka chingwe kuchokera m'galaja, maikolofoni n'kuiika pomwe abusa akaimirire, kompyuta pansi pa tebulo. M'mawa nambala yotumiza inali 0.6 yake yomweyo. Pofika 1 koloko inali 0.05.

M'nyumba munali mutadzaza anthu, zovala zakuda, mikeka m'chiuno monga mwa mwambo wathu, aliyense foni m'manja. Bambo analemba mawu otsegulira intaneti pachitseko cha filiji ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa ankati kuwabisa kuli ngati kumana mlendo madzi. Ife ana a malemu patsikuli sitikhala ndi pakamwa. Malo athu ndi kumoto, titavala mkeka wong'ambika wofika m'khosi. Komabe ndinayenda mowerama, munthu ndi munthu, ndikupempha kuti azimitse mafoni. Anandimvera chisoni n'kuzimitsa. Nambala inakwera kufika 0.1 n'kuima pomwepo.

Inatsala foni imodzi.

Azakhali a Kalolaine, mlongo wamkulu wa bambo, anabwera kuchokera ku Sydney ndipo anali atakhala kumutu kwa bokosi, pamulu wa mikeka yabwino. Dzanja lili m'mwamba, ankaonetsa maliro onse pavidiyo kwa amayi a mpingo wawo. Ankaonetsa maluwa, ankaonetsa nsalu, ankaonetsanso amene anabwera chimanjamanja. Kwathu mlongo wa bambo ako sauzidwa chochita. Akasirira shati wavala, umavula.

Ndinapita kwa abusa a Taniela. Anamvetsera bwinobwino, n'kusuzumira pabalaza, kenako anandiuza kuti m'moyo mwawo analandapo chikwanje m'manja mwa munthu woledzera, koma pano ali ndi ana aang'ono.

"Mlongo wa malemu amauzidwa ndi Mulungu yekha, mwana wanga," anatero. "Nayenso amayamba waodira."

Ndinaganiza zosintha mawu a pafiliji aja. Koma azakhali akanafunsa kuti wachita ndani, ndipo nkhani yanga ikanakambidwa m'maliro onse kwa zaka makumi atatu. Nthawi inali itatsala mphindi khumi. Ndinawaona amayi m'maganizo, atakhala pamuzu wa mango, foni kukhutu, akumva phokoso la madzi.

Tsitsi langa ndinali ndisanalimete chisiyireni koleji. Linkafika m'mapewa, ndipo azakhali ankalitcha chokolopera. Mwambo umati malemu akaikidwa, iwo ndiwo amameta ana. Ndinatenga sizasi ya kukhitchini, ija timadulira masamba a koko, n'kuyenda chogwada kudutsa pabalaza ponse mpaka pamapazi awo.

"Azakhali, ndimeteni lero."

"Mwambo umati akaikidwa, iwe."

"Mwambo ndinu, azakhali."

Anayang'ana sizasi, anayang'ana tsitsi, anayang'ana foni. Manja anali awiri okha.

"Gwira apa. Uloze kwa ine, anthu aone kuti banja lino lili ndi mwini wake."

Ndinalandira foniyo ndi manja awiri, ndinaweramitsa mutu, chala changa n'kuchita zomwe chinaphunzira ku Melbourne: vidiyo ija inazima mwakachetechete. Pansi pa tebulo kanyali ka kompyuta kanasanduka kobiriwira. Ndinatsinzinira abusa, iwo n'kutsokomola, kwaya n'kuyamba.

Vuto linali loti tsitsi silichedwa. Azakhali sankameta, ankakolola. Nyimbo yachiwiri isanathe, mutu wanga unali ngati munda womwe mwadutsa mbuzi, ndipo ndinayamba kumva mphepo m'malo omwe ndinali nditawaiwala. Abusa anali asanatsegule n'komwe Baibulo. Ndinadziwa kuti tsopano afuna foni yawo.

Sizasi sinaleke kulira. Tsetse, tsetse, pamwamba pa mutu wanga, ikudula mpweya.

"Weramabe," ananong'ona. "Mlamu wanga asanamve nyimbo yomaliza usadzuke."

Ndinaweramanso.

"Ukuyesa sindiidziwa nambala yako yaing'onoyo? Bambo ako ankatitopetsa nayo Loweruka lililonse. Mwana wanga akuti nambala yaing'ono, mwana wanga akuti kanjira ka mbewa, mwana wanga ndi injiniya. Tinkafuna nyimbo ife."

Ndinafunsa, nkhope ili pamkeka, chifukwa chomwe sanazimitsire okha ngati ankadziwa.

"Wapempha nyumba yonse, ndi ana omwe. Ine wandidumpha. Ndine mpando?"

Anandigogoda ndi sizasi pakhutu, osati mopweteka kwenikweni. Ndinalira pomwepo, koyamba chichokereni Lachiwiri, ndipo palibe anadabwa chifukwa aliyense amene anaona mutuwo anamvetsa. Azakhali anadula mpweya kwa mphindi makumi anayi. Dzanja lina likatopa ankasinthira linzake. Abusa, omwe kawirikawiri sadziwa potsekera, tsiku limenelo anafupikitsa ataona maso a azakhali.

Titabwera kumanda ndinapeza uthenga wa amayi. Anati amva zonse, kuyambira pemphero mpaka amen, bwino kuposa masiku omwe bambo ankakwera pampando. Anangofunsa kuti kachilombo kankalira nthawi yonse kaja kanali kanji, ndipo bwanji sitinakathamangitse.

Ndinanyamula kompyuta n'kulowa nayo m'galaja kukasunga mawuwo. Kompyuta inkaonetsa kuti omvera anali khumi ndi atatu, poti wachikhumi ndi chinayi anali pabalaza ndi sizasi. Mpando uja unali pomwe bambo anausiya, fumbi la nsapato zawo likadali pamwamba. Pulogalamu iliyonse bambo ankaipatsa dzina: "Nkhumba ya Sefo Yapezeka," "Mvula ndi Mabodza a Alimi." Ya sabata yathayo inali "Nambala Yaing'ono, Gawo 9." Ndinakhala nthawi yaitali zala zili pamabatani, ndikukanda mutu wachilendowu. Kenako, pamalo olemba dzina la pulogalamu ya tsikulo, ndinalemba zomwe ndinkadziwa.

Loweruka, pa 9 Malichi 2019.