Mpata wa Kingstone

A Chrispine anali asanatsekebe pakamwa. Mng'ono wawo Kingstone anali ataikidwa dzana, abale ochokera ku Nsanje atadzaza pabalaza ku Chimwankhunda, ndipo bamboyo ankalakatika ngati woitanira minibasi ya ku Limbe.

"Nyumba ino ndi yathu, malowolo tinapereka. Mlamu wathuyu abwerere kwa makolo ake ku Manja, muno mulowe mwana wanga Dan aziyang'anira."

Cecilia, namfedwayo, anali pamphasa, yankho lili kukhosi: njerwa za nyumbayi anaumba ndi manja ake, malata anasenza pamutu. Ankangodikira kuti alamu akewo amalize.

Kudikirako anatengera kwa malemu. Kingstone ankagwira ntchito yokoka mawaya a intaneti, aja agalasi oyenda kuwala, owonda ngati tsitsi la mzungu.

"Waya ndi mmodzi, nyumba mbwee," ankatero. "Kabokosi ka nyumba iliyonse kamayatsa kuwala pa nthawi yake. Koma sikazima pompo, kamachedwerako. Ndiye kanzake kamayamba kasiya mpata. Kupanda kutero mawu asakanikirana, palibe womveka."

Mwamuna uja zakuntchitozo analowa nazo mpaka kuchipinda. Kaya ndi mkangano, kaya wangomufunsa za tiyi, ankayamba wakhala duu, kuopa kuti mwina mnzake sanathe. Azakhali ake, a Bertha, ankamuseka kuti moni wam'mawa amayankha dzuwa litapendeka. Cecilia ankapsa nazo mtima, kenaka anazolowera, mapeto ake matendawo anamugwira nayenso.

Tsono a Chrispine anaima kuti amwe madzi. Cecilia anasiya kampata kaja.

"Mwaonatu," anatero atsibweni oyendetsa nkhaniyo. "Wakhala chete, wavomera. Mwana waulemu uyu. Tiyeni tipemphere."

"Alamu, inetu..."

"Tatseka maso, mayi," anamudula atsibweniwo.

Ameni atangomveka, a Bertha anamukokera kukhonde.

"Iwe, chitsiru cha mkazi! Wadikira ndani? Chrispine ndinamulera ine, sanazimepo chibadwire. Angakhale m'tulo amachita msonkhano. Anthu akwathuwa umawalowa pakati ngati njinga yakabaza!"

"Ndimati amalize kaye, azakhali."

"Amalize? Ameneyo adzamalizira m'bokosi, nalonso tidzachita kukhalira pachivundikiro."

Cecilia anafuna kuseka, koma zinakana.

Loweruka Dan anafika ndi matilesi ndi masipika ake. Choyamba kufunsa chinali nambala yachinsinsi ya intaneti. Cecilia anangomulozera kabokosi kapakhoma, kamene Kingstone anakhoma yekha, kakuphethira ngati palibe chachitika.

Katundu wake atakwera pa lole yopita ku Manja, a Bertha ali kale kutsogolo kukangana ndi dalaivala, Cecilia anabwerera pakhomo la kuchipinda. Munali mbee, mutangotsala msomali pomwe pankakhala chipewa chakuntchito cha malemu.

"Bambo a kunyumba, ine ndikupita."

Dalaivala analiza hutala. Cecilia sanasunthe. Anaima pomwepo, chikwama m'manja, kumusiyira mwamuna wake mpata.