Buledi wa M'paipi

"Gwira bwino, Injiniya, usanjenjemere," anatero ababa, ngakhale amene ankanjenjemera anali iwowo.

Tinali chogwada pansi pa sinki ya kukhitchini kwawo, mitu ikugundana. Paipi ya mkuwa yochokera ku giza yotenthetsa madzi inali itabooka pa chigongono, pamene imakhotera. Ababa anagwira ntchito ya upulambala moyo wawo wonse, ndipo chimwalirireni amayi ankandiimbira foni pokhapokha china chikadontha. Sankafunsa kuti ndadzuka bwanji. Ankangoti, "Kukudontha," ine n'kukwera basi.

Kuwotcherera paipi ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo imadya tsiku. Mumatseka madzi n'kudikira kuti paipi iume, chifukwa mtovu sugwira ponyowa. Kadontho kakakanirira, mumafinya chamkati cha buledi n'kutsekera m'paipimo kuti amwe madziwo. Mukadzatsegula mpopi, buledi amasungunuka yekha. Wina amagwira lawi la gasi, wina nsanza yonyowa yoteteza thabwa kuti lisapse. Wa nsanzayo ndinali ine. Pa kudikirapo m'pamene ababa ankatsegula pakamwa: za makasitomala ovuta, za amayi, za zonse zimene sankatha kunena ali pa mpando. Buledi wotsala tinkamwera tiyi.

Tsiku limenelo dzanja lawo linaterereka, lawi n'kunyambita kabati. Ndinathimitsa ndi nsanza. Tonse tinakhala ngati sitinaone kanthu.

Ine ndine munthu wa mafunso ozunguza mutu. Ndikaweruka, m'kachipinda kanga ka lendi momwe mulibe ngakhale mphaka woti andilonjere, ndimadzaza manambala m'timabokosi ta kumapeto kwa nyuzipepala. Choncho nkhani ya ababa ndinayiika m'timabokosi. Pali manja onjenjemera, pali makabati a matabwa, pali moto. Chimodzi chichoke. Manja sangachoke, makabati sangachoke. Ndinachotsa moto, n'kudziyamikira ndekha poti panalibe wina wondiyamikira.

Ku kampani yomanga nyumba kumene ndimagwira ntchito kuli chida cha batire chopanira mapaipi. Atandiimbiranso, ndinachibwereka.

"Chimenechi n'chiyani, ng'ona?" anafunsa ababa ataona nsagwada zake zachitsulo.

"Chimaluma paipi, ababa. Mulowetsa paipi m'cholumikizira ichi, mkatimu muli kamphira. Nsagwada zikapana, basi, sizidonthanso."

"Moto wake uli pati?"

"Palibe moto."

"Nanga paipi iuma nthawi yanji?"

"Ngakhale yonyowa chimagwira."

Anayang'ana buledi amene anali atagula kale. Ine ndinadina batani. Chidacho chinalira pang'ono, kenako kha! Ndinapana kwinako, kha! Ketulo inali isanawire n'komwe. Poti mphamvu zinalipo, ndinazungulira nyumba yonse kusintha paliponse pamene panayamba kubiriwira.

Ababa anasisita cholumikizira chimodzi ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. Chinali chouma.

"Basi?"

"Basi."

"Sukulu ndi yabwino," anatero.

Tinamwa tiyi pa tebulo ngati alendo a pa ofesi. Iwo anafunsa ngati basi inali yodzaza, ine ndinati inali yodzaza. Anandiperekeza mpaka pageti dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, ndipo ndinabwerera ku kachipinda kanga ndi Loweruka lathunthu lopanda pokaliika.

Foni inangoti zii. Masabata anadutsa. Ndinkaizimitsa n'kuiyatsanso, mwina yawonongeka. Kuimba ine ndikanatha, koma ndikananena kuti chiyani? Kwathu timadziwa kulumikiza mapaipi. Kufunsana za mtima sitinaphunzire. Timabokosi ndinadzaza tonse, mpaka ta m'nyuzipepala zakale zimene ndinayala m'shelefu.

Kenako m'mawa wina inalira.

"Kukudontha."

Ndinafika ndi ng'ona yanga m'bokosi lake. Ulendo uno kunali kubafa. Ndinagwada n'kuyamba ndi zolumikizira zanga. Zonse zinali zouma. Madzi ankatuluka pakati penipeni pa paipi yowongoka, pamalo pamene paipi siibooka. Ndinapukuta. Bala lake linali kamzere kowongoka bwinobwino, ndipo pansi, m'mphepete mwa khoma momwe tsache silinafike, munali tiphulusa tonyezimira ta mkuwa.

Funso limeneli silinafune digiri. Dzimbiri silidziwa kugwira macheka.

Ndinacheuka. Pa mpando panali botolo la gasi, mtovu, beseni lokhala ndi nsanza yonyikidwa kale, ndi buledi wathunthu.

"Mkuwa wa masiku ano," anatero ababa akuyang'ana kudenga. "Sulimba."

"Ndaona, ababa."

Ndinatsegula bokosi nditawafulatira, n'kusolola batire m'chidacho. Timagetsi take tobiriwira tinali kuyaka tonse. Ndinaliponya m'chikwama changa. Kenako ndinadina batani kangapo kuti amve kuti sichikulira.

"Batire latha."

"Mwaonatu zinthu zanuzi, a Injiniya! Ng'ona yopanda mano."

"Tiwotcherera. Koma lawi ndigwira ine. Inu nsanza."

Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti andiuza ndizipita. Kenako anakankhira botolo la gasi kumapazi kwanga.

"Ukaotcha nyumba ya amako, usadzabwerenso."

Tinatseka madzi. Tinakhala pansi pa simenti yozizira, misana kukhoma, kudikira kuti paipi iume. Ababa anayamba nkhani ya kasitomala wina amene ankabisa nsomba m'thanki ya madzi, nkhani imene ndinaimva kambirimbiri. Ndinaseka pamalo pake poyenera kusekapo.

Dzuwa litapendeka pa zenera, ndinapisa chala m'paipimo. Inali itauma kalekale. Ababa nawo anapisamo chala chawo chonjenjemera, n'kupukusa mutu.

"Idakali yonyowa," anatero, n'kundinyemera buledi.