Injini ya Che Mustapha

Pakoleji ina ya za usodzi kufupi ndi Nkhudzi, injini ya boti yophunzitsira inalipo papepala pokha. Ndalama zake mabungwe akunja anapereka kalekale, koma paja mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo Bambo Oscar, osunga chuma cha kolejiyo, anamangiriridwa pamsipu wobiriwira.

Tsono kunamveka kuti eni ndalama akubwera kudzaona zomwe anagula. Bambo Oscar anatsikira kudoko, nsapato zitadzaza mchenga, kukapeza Che Mustapha, msodzi wa usipa amene mwana wawo Shamima anali m'chaka chomaliza pakolejipo.

"Achimwene, tibwerekeniko injini yanu lero lokha. Alendo akangoiona, ibwera."

Mtima wa Che Mustapha unakana. Injiniyo anaigula pamanja kwa msodzi wa ku Makanjira, popanda kapepala, ndipo ndi imene inkadyetsa banja lonse. Koma ungamukanire bwanji munthu amene amasaina kuti mwana wako alowe m'chipinda cha mayeso? Che Mustapha anainyamula okha paphewa mpaka kukoleji.

Inabweradi, yotsukidwa mbee, koma pambali atakhomapo kachitsulo kolembedwa nambala ndi dzina la koleji. Che Mustapha anayesa kukakanganula ndi mpeni, kanakana. Anaseka, n'kuuza anzawo kuti injini yawo nayonso yalowa sukulu.

Patapita miyezi kunafika ofufuza za chuma a boma, amene satumiza mthenga. Chithunzi cha injini anachipeza m'mabuku a koleji, injiniyo ayi. Bambo Oscar sanatuluke ngakhale thukuta. Anati msodzi wina anadzaibwereka n'kukana kubweza, ndipo anawatsogolera okha kudoko.

Kupolisi funso linali limodzi.

"Madala, inu ndi Bambo Oscar awa munabwerekana injini?"

"Eetu, bwana. Ndinawabwereka."

Mawu amenewa ndi njoka ya mitu iwiri. Wopereka amati ndinamubwereka, wolandira nayenso amati ndinamubwereka, ndipo mwini chinthu timamudziwa poyang'ana anthuwo. Wapolisi anayang'ana taye ya Bambo Oscar, anayang'ana zidendene zong'aluka za Che Mustapha, n'kulemba m'Chingerezi. Che Mustapha anadinda chala mosangalala, poganiza kuti nkhani yatha. Anamva pambuyo pake, chitseko cha chitokosi chitatsekedwa, kuti avomera kutenga katundu wa koleji.

Shamima anabwera m'mawa mwake, maso ali psuu.

"Baba, ndinalipo pamene ankakhoma kachitsulo kaja. Kalasi yonse inaona. Ndikanena kukhoti."

"Anzakowo akanena?"

Shamima anawerama. Kenako anaulula kuti wakumana ndi Bambo Oscar pageti, ndipo amufunsa mokoma ngati wakonzekera mayeso, n'kumukumbutsa kuti pepala lake lolowera sanasaine.

Che Mustapha anali atagona ndi mkwiyo, atakonza mawu okalavulira khoti lonse. Mkwiyowo unaphwa pomwepo, panatsala mantha okhaokha. Ndalama za usipa za zaka zinayi zinali m'mutu mwa mtsikanayu.

"Ndiye iwenso sunaone kanthu."

"Baba, injini ipita!"

"Ndati sunaone kanthu, mwanangu. Pita ukawerenge."

Khoti linawachitira chifundo poona imvi. Linawamasula ndi chenjezo, n'kulamula kuti injini ibwezedwe kwa eni ake. Bambo Oscar anaisainira, ndipo ofufuza aja anabwerera ku Lilongwe zonse zili m'malo mwake.

Sabata yotsatira Che Mustapha anali m'bwato lobwereka, akupalasa ndi nkhafi ngati mmene anayambira. Podutsa pagombe la koleji anaona ophunzira ali pamzere m'madzi ofika m'mawondo, akulemba mayeso a ntchito zamanja. Aliyense ankakoka chingwe cha injini, injini n'kutsokomola, n'kuzima. Che Mustapha ankaidziwa nthenda yakeyo: imafuna uyambe waipendeketsa pang'ono.

Kenako panafika mtsikana wa mpango wakuda. Anaipendeketsa, anakoka kamodzi, injini inabangula. Aphunzitsi anawomba m'manja, ndipo Bambo Oscar anawomba kuposa onse.

Mtsikanayo, Shamima, anakweza mutu, n'kuona bwato lija. Che Mustapha anatembenuzira nkhope kunyanja kuti mwanayo asawapatse moni pamaso pa anthu aja, n'kupitiriza kupalasa, misozi ikulowa mundevu.