Dontho la Mtovu Pakona ya Bolodi

Alamu anga ukawapeza ataweramira pa maikulosikopu, ngakhale unene kuti nyumba ikupsa, ankangokweza chala chimodzi kuti udikire. Ntchito yawo inali yopanga mabolodi onyamula ubongo wa maloboti. Ubongowo ndi kakompyuta kochepa ngati chikhatho, kochokera kumafakitale akutali. Aliyense amautamanda, koma pawokha ndi mlendo wopanda mpando. Ulibe polowera magetsi, ulibe polumikizira kamera, ulibe njira yolamulira mawilo. Zonsezi umazipeza pa bolodi lomwe wakhalapo, ndipo mabolodi amenewo ndi amene alamu ankawotcherera ndi manja, limodzilimodzi, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo.

Tinalipo atatu. Alamu ankawotcherera, achemwali anga, omwe ndi akazi awo, ankayesa bolodi lililonse ndi mita yoyezera magetsi, ine ndinkakapereka kwa makasitomala pagalimoto.

"Munthu akakanika zonse amakhala dalaivala," alamu ankandiuza chomwecho pafupifupi m'mawa uliwonse.

"Popanda dalaivala mabolodi anuwo mukanamatafuna nokha," ndinkawabwezera, n'kuyamba tsiku.

Lamulo lawo linali limodzi, loti ubongo sukhala pa bolodi losayesedwa. Analinso ndi kachizolowezi. Akamaliza bolodi ankadonthetsa mtovu wosungunuka pakamalo ka chitsulo cha kopa kamene kanali pakona, kopanda ntchito ina iliyonse. Dontholo linkatuluka lobulungira bwino ngati mkanda. Makasitomala ankalidziwa, ena mpaka ankawatchula kuti a Dontho, ndipo iwo ankanamizira kuti dzinalo limawanyansa.

Kenako manja awo anayamba kunjenjemera. Ine ndinazindikira pa tiyi, poona kuti m'sosala mukudzaza kuposa m'kapu. Achemwali anali atazindikira kale pa mabolodi. Soketi imene ubongo umalowamo ili ndi timiyendo tambirimbiri tothithikana, topyapyala ngati tsitsi, ndipo dzanja likangogwedezeka mtovu umalumikiza timiyendo tiwiri tosayenera kugundana.

Tsiku lina achemwali anandikokera kukhitchini. "Iwe, kuyambira mawa uziwatenga pokapereka katundu. Uziti makasitomala akufuna kuwaona."

"Bwanji osangowauza?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Munthu uja ukamuchotsa pa mpando uja watsala ndi chiyani?"

Zinakhala choncho. Alamu akamaliza mabolodi, ine ndinkawazunguza m'tauni, kwinaku achemwali atakhala pa mpando wa alamuwo, kusungunula ndi kuwotchereranso kamwendo kalikonse. Tikabwerako alamu ankafunsa kuti, "Zili bwanji?" Achemwali, osatembenuka n'komwe, ankati, "Zonse zili bwino, bambo." Chowotcherera chinkakhala chitazizira, mpando utabwerera pamalo pake. Ine zinkandiwawa, ndipo nthawi zina ndinkakwiya nawo onse awiri, mmodzi chifukwa chosaona, winayo chifukwa chobisa bwino kwambiri.

Mwana wawo wamkazi atatsala pang'ono kuchira, achemwali anapita kukamudikirira kuchipatala. Ponyamuka anandigwira mkono pakhomo. "Mabolodi atsopano aja asatuluke, ndipo pasakhale ubongo mpaka nditabwera. Wamva?" Ndinati ndamva.

M'mawa mwake munatulukira injiniya wa kampani ina yosunga katundu, mayi wachangu wolankhula akuyenda. Kuntchito kwawo kuli tingolo toyenda tokha, tonyamula makatoni, ndipo kamodzi kanali kataima chifukwa bolodi lake linanyowa. Ubongo wake anabwera nawo m'kathumba konyezimira. Anati umenewo ndi umene anauphunzitsa njira zonse za m'nyumba yawo yosungiramo katundu, ndipo wina wotere ukanatenga miyezi kuti ufike.

"Alamu, tidikire achemwali," ndinatero.

"Akudikirira mdzukulu, ifenso tiziwadikirira?"

"Lamulo ndi lanu lomwe."

"Ndiyesa ndekha. Mita ija ndinaigula ndine." Kenako anatembenukira kwa injiniya uja akumwetulira. "Mayi, zaka zonsezi palibe bolodi langa ndi limodzi lomwe limene linabwererapo kuchokera pa tebulo loyesera. Afunseni akazi anga."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake. Ndikanawatsutsa bwanji pamaso pa mlendo? Ndinangoti, "Mwina tiyang'anenso soketi," iwo n'kuti dalaivala aziyang'ana matayala.

Anagunditsa timawaya ta mita pamene magetsi amalowera, manambala anaoneka bwino. Timiyendo ta soketi sanatiyese kamodzikamodzi monga ankachitira achemwali, poti sanaonepo chifukwa. Analowetsa ubongo, n'kumanga tizomangira tiwiri, n'kuyatsa. Kafani koziziritsa ubongowo kanazungulira pang'ono n'kuima. Amati tsoka silinunkha, koma lathulo linanunkha pulasitiki wopsa, ndipo kautsi kowonda kanakwera pakati pa nkhope zathu zitatu.

Injiniya sanakalipe, ndipo kukalipako kukanakhala bwino. Anazula ubongo wake, anauyang'ana mbali zonse, n'kuubwezera m'kathumba. Anati, "Tilankhulana, bambo," n'kutuluka.

Alamu anaika bolodi lija pansi pa maikulosikopu. Analiyang'anitsitsa kamwendo ndi kamwendo. Ine ndinaima pakhomo ngati mwana wolakwa, makiyi ali m'manja.

"Nditengere katoni ya mabolodi oyesedwa kale," anatero.

"Alamu, pumulani kaye."

"Nditengere."

Ndinabweretsa. Anatenga loyamba, analiyang'ana, n'kuliika pambali. Anatenga lachiwiri. Wowotcherera amadziwa dzanja lake monga mmene munthu amadziwira zilembo zake. Alamu ankaika mtovu wokwanira bwino, wotumphuka pang'ono. Achemwali amaika wochepa, ndipo poti ndi amanzere, kansonga kake kamapendekera mbali inayo. Atatha katoniyo anapita pashelefu n'kutsitsa mabolodi akale osungira chitsanzo, n'kumabwerera nawo m'mbuyo, la chaka chino, la chaka chatha. Ndinadziwa chimene ankafuna. Ankasaka bolodi lomaliza limene linali lawo lonse.

"Apa pokha," anatero atatopa, chala chili pakona. "Dontho lokha ndiye anandisiyira."

Nanenso ndinasuzumira. Madontho a pamabolodi akale anali obulungira. Atsopanowa anali ndi michira, ena ophwatalala ngati awapondapo. Achemwali sanalikhudzepo ndi limodzi lomwe.

"Iwenso umadziwa?"

"Eya, alamu."

"Maulendo onse aja, makasitomala akufuna kundiona?"

Ndinkayembekezera chipongwe, ngakhale chija cha udalaivala, koma anangovula magalasi n'kuika manja awo onse awiri pa tebulo. Anawayang'anitsitsa akunjenjemera okha, ngati ndi a munthu wina. Mtima unandipweteka kwambiri moti ndinatuluka n'kukakhala m'galimoto.

Achemwali anabwera patapita masiku, nkhope ili mwee, foni yodzaza zithunzi za mdzukulu. Atangolowa m'kachipinda kaja anaima. Fungo linali litatha, koma mipando inali itasinthana. Wa achemwali unali pa maikulosikopu, utakwezedwa kufika msinkhu wawo, ndipo chowotcherera chinali chitasamutsidwira kumanzere. Alamu anali atakhala pa tebulo loyesera.

Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Mwana ali bwanji?" alamu anafunsa.

"Ali bwino. Ndi wamwamuna. Bambo, ine ndimangofuna..."

"Ndikudziwa chimene mumafuna. Khalani pansi, mayi. Tili ndi bolodi la injiniya uja. Akuti ubongo wina ukafika sadzatipatsanso kuti tiuike ife, koma bolodilo alitenga."

"Mwandikwiyira?"

"Ndikanakonda ndikanakwiya," anatero alamu. "Mukanandiuza ndikanalira tsiku limodzi. Pano ndikulira zaka ziwiri nthawi imodzi, ndiponso ndawonongera munthu chinthu chake."

Achemwali anakhala pansi, anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuyamba ntchito. Kwa nthawi yoyamba anawotcherera amuna awo akuona. Alamu anayesa timiyendo tonse kamodzikamodzi, dzanja lina litagwira linzake kuti kawaya ka mita kasaterereke. Zinatenga masana onse, ndipo palibe amene anaseka wina.

Atamaliza, achemwali anatembenuza bolodi kuti kona yake iloze kwa amuna awo, n'kuwapatsira chowotcherera. "Latsala dontho."

Alamu analandira. Nsonga yotenthayo inayandikira kamalo kakopa kaja, n'kumavina pamwamba pake, uku ndi uku, osatera. Achemwali anatambasula dzanja kuti awagwire pamkono, koma iwo anapukusa mutu n'kubwezera chowotcherera pachoikira chake.

"Dontho ndi la amene wawotcherera," anatero. "Ikani inu."

"Sindingathe, bambo."

"Zinazo munatha."

Achemwali anaika. Linatuluka lobulungira, lowala, lopanda mchira. Anadzuka n'kupita kukhitchini, ndipo tinamva mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali popanda mbale iliyonse yogunda.

Bolodilo ndinakapereka ndekha, mpando wa pambali panga uli wopanda munthu. Injiniya uja kunalibe. Anandilandira mkulu wina woyang'anira tingolo, amene wakhala akulandira mabolodi athu kuyambira kalekale. Anatsegula katoni, anatulutsa bolodi, analitembenuza, n'kupita nalo pawindo kuti aone pakona.

"Anthu akumanena zambiri kuno," anatero akuseka, "ati a Dontho akalamba. Taonani apa. Dzanja la mdala uja likadali nganganga. Mukawapatse moni, muwauze kuti ine ndaliona."

Ndinati ndikawauza. Ndinabwerera pang'onopang'ono, ndipo nditafika ndinapeza alamu ali pa tebulo loyesera, akupukuta timawaya ta mita ndi kansalu. Anandifunsa ngati kunali uthenga uliwonse, ine ndinati kunalibe.