Chitini cha Onga cha a Bennet

Ephraim anaona ndi maso ake a Bennet akukhuthulira onga wotsala m'chitini cholakwika, koma anangoti chete. Kwawo ku Ntcheu munthu waimvi sauzidwa kuti walakwa, makamaka ali pakhomo pake.

A Bennet anali mzungu wokalamba woyandikana naye nyumba ku Wigston, kudziko la azungu, mlenje wa agwape kuyambira unyamata wawo. Ephraim atapeza chiphaso cha mfuti, ndi iwowa amene anamuphunzitsa kudzipangira zipolopolo m'shedi mwawo. Phunziro loyamba linali losankha onga: pali wopsa msanga, pali wopsa pang'onopang'ono, ndipo mfuti yaitali ngati yawoyo imafuna wachiwiriwu. Ukasakaniza, mfuti imakuphulikira kumaso. Tsopano wosakanizayo anali mphunzitsi yemweyo, pakuti maso anali atayamba nkhungu, ngakhale eni ake ankakana kwamtuwagalu.

Ephraim anauza mkazi wake Chrissie, namwino wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Ndiye mwangowasiya? Ulemu wanuwo tikaupeza kuchipatala, ku A&E," anatero Chrissie. "Mawa mukawauze musanapite ku shift."

M'mawa mwake Ephraim anapeza a Bennet atayala kale sikelo ndi timachubu tamkuwa ta zipolopolo, akukonzekera ulenje wa Loweruka. Chitini chija chinali pambali pawo. Ephraim anayamba ndi nkhani ya mvula, kenako anafunsa za bondo, mpaka anayamikira sikelo imene ankaiona sabata iliyonse. Paja manyazi anapha lambe. Mkuluyo anatsegula chitini.

"Bambo Bennet, onga umenewo ayi," anatero Ephraim. "Dzulo munathiramo wopsa msanga uja. Ndinaona."

A Bennet sanatsutse. Ananyamula chitinicho kupita nacho pawindo, nachibweretsa pafupi ndi mphuno, nachitalikitsanso. Zilembo zake zinali zazikulu ngati chala. Anatenga chitini chinacho n'kuchita chimodzimodzi.

"Zonse ziwiri ndikuziona zofanana," anatero. Anatseka zitinizo bwinobwino, monga ankaphunzitsira. "Lolemba ukandiperekeze, ndikabweze chiphaso ndi mfuti."

Ephraim anamva chisoni. Anali atabwera kudzatayitsa chitini chimodzi chokha.

Anatuluka onse awiri. A Bennet anakoka chitseko cha shedi, koma kiyi ankangogogoda pambali pa loko, osapeza bowo. Ulendo uno Ephraim sanayambe ndi za mvula. Anagwira dzanja la mkuluyo n'kulilondolera.