Ulimba wa Malemu Bemile

Ayuo anam'peza mwana wake Dery atagwada kuseri kwa nkhokwe, ulimba wa bambo ake ataugadabuza, mpeni uli m'manja.

"Iwe, ukutani?"

"Ndikuuyeretsa, amayi. A boma afika masana ano. Angajambule chinthu chodzaza zonyansa za akangaude chonchi?"

Zikho zonse zolendewera kunsi kwa matabwa anali atazipala. Timapepala toyera ta mazira a kangaude, tomwe timamata tiziboo ta zikhozo kuti ulimba uzilira monjenjemera, tinali mbwee pansi, nkhuku zikujompha. Matabwawo anali atawapaka vanishi, akunyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera.

Ayuo sanalire. Misozi inali itathera pa masiku atatu amene mtembo wa mwamuna wake Bemile unakhala pansanja moyang'ana anthu, oimba anzake akulandirana pa ulimba womwewo.

"Sukulu yonse ija," anatero, "yabala zimenezi?"

Bemile anaimba pa maliro a midzi yonse yozungulira Nandom kwa zaka makumi anayi. Kasanu n'kawiri analembera ku thumba la boma lothandiza za chikhalidwe. Sankapempha zambiri: denga la malata ndi malimba ena awiri oti aziphunzitsira achinyamata. Kasanu n'kawiri anamukana mwaulemu. Ulendo wina analibe chikalata cha gulu, wina fomu inachedwa, wina ankati chaka chimenecho n'cha mpira. Koma atangoikidwa m'manda, Dery, wogwira ntchito ku Accra, yemwe sadziwa n'komwe kagwiridwe ka tizibonga toimbira, anaimba foni kawiri kokha, thandizo n'kutuluka. Ulimba upite ku tauni ya Wa, ukakhale m'bokosi la galasi, pamwamba chithunzi cha malemu. Banja lilandire kangachepe, Dery akhale wapampando wa komiti. Chinatsala n'chala cha mayi wamasiye papepala.

Galimoto loyera linafika dzuwa lili paliwombo. Munatuluka a Twumasi a ku ofesi ya thumbalo, atavala malaya oluka a kuno kumpoto, mizere ya kapindidwe ka m'sitolo ikuonekabe. Anawapatsa chikho cha mowa wa mapira. Mlendoyo ananunkhiza, n'kuchiika pansi pa mpando.

"Mayi, pepani kwambiri," anayamba motero. "Mtengo waukulu wagwa. Amuna anu anali chuma cha dziko lonse."

"Mwadziwa liti?" anafunsa Ayuo.

"Amayi!" Dery anawatong'olera maso.

"Ndikungofunsa. Chumacho chinkagona m'nyumba yodontha umu."

A Twumasi anaseka pang'ono, n'kutulutsa mapepala ndi kachitini ka inki. Anafotokoza za bokosi la galasi, za magetsi owalira mkati, za ana a sukulu amene azidzaona pamzere.

"Nanga kuno kukagwa maliro, muzitibwereka?"

"Ayi mayi, katundu akalowa m'kaundula satuluka. Koma tijambula mawu ake lero lomwe. Muzimvera pa foni."

Pansi pa mtengo panali Ziem, mng'ono wa malemu, amene ankaimba ulimba wachiwiri pambali pa mkulu wake kuyambira unyamata. Anatsitsa chikho chake.

"Ndiye ine ndikafa mudzandilira ndi foni? Nanga batire ikatha, ndidzuke ndikudikireni?"

Azimayi a m'mudzi amene ankasuzumira pakhoma anaseka chobisa. Dery anatembenukira kwa Ziem.

"Bambo aang'ono, musatero. Dzina la bambo likhala kosatha. Kuno ulimbawu udyedwa ndi chiswe."

"Chiswe chinaulekerera zaka makumi anayi. Iwe wautsiriza m'mawa umodzi."

A Twumasi anaimika foni yawo. "Achikulire, tiimbireniko pang'ono, dziko limve."

Ziem anayang'ana mlamu wake. Ayuo anagwedeza mutu kuti aimbe. Ziem anakhala pa kampando ka mkulu wake, n'kupanira tizibonga pakati pa zala, n'kuyamba nyimbo ya maliro a mwamuna wamkulu. Manja sanalakwitse. Koma ulimba unangoti go, go, go. Kunjenjemera kuja, kumene kumam'peza munthu ali kumunda n'kumuuza kuti siya khasu, kwagwa zovuta, kunalibe. Azimayi apakhoma aja anagwira pakamwa. Wina anachoka.

A Twumasi anaomba m'manja. "Koma mawu ake! Oyera bwino, opanda phokoso. Awa ndiye mawu enieni a makolo."

"Bwana," anatero Ziem, "awa ndi mawu a chitseko."

Dery anawerama. Iye yekha, pakati pa ovala nsapato, anali atamva kusiyana kwake. Komabe anatsegula kachitini ka inki n'kukasendeza kwa mayi ake.

"Dindani, amayi. Anthuwa achokera kutali."

Ayuo anapukuta chala chake chachikulu pansalu. "Chala changa chili ndi ntchito ina lero."

"Mukundichititsa manyazi."

"Manyaziwo wabwera nawo wekha pa basi."

"Mayi, ndikuchenjezeni," anatero a Twumasi, mawu atauma. "Thandizo likabwerera, silibweranso."

"Tinazolowera, bwana. Lakhala lisakubwera zaka zonsezi, ndipo palibe anafa nako kusabwerako. Ngati denga lija likadalipo, bweretsani. Galasi sungani."

"Za denga n'za fomu ina."

"Ndinadziwa."

Ayuo anaimirira n'kulowa m'chipinda cha malemu, chimene Bemile sankalola kuti tsache likhudze makoma ake. Anatuluka ndi maenvulopu asanu n'awiri omangidwa ndi mphira ya njinga, ndi kachitini ka utomoni. A Twumasi anazindikira chidindo cha ofesi yawo, nkhope n'kuwala.

"Mwaona? Malemu ankalemekeza ofesi yathu. Anasunga kalata iliyonse."

"Anasungadi," anatero Ayuo.

Anamasula mphira, n'kufunyulula kalata yoyamba mosamala. Pakati pa mawu akuti pepani pempho lanu silinatheke panagona timapepala toyera ta kangaude, tomatula bwino pakhoma, tosalala, kalikonse pakepake. Kalata yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatunso.

"Ankati pepala lanu n'lolimba, silikwinyika. Chaka chilichonse kalata ikafika ankati, Ayuo, boma latikumbukira, latitumizira posungira."

Palibe anaseka kupatula Ziem, ndipo kusekako kunathera m'misozi. A Twumasi anasonkhanitsa mapepala awo. Potuluka anagunda chikho cha mowa chija, mowawo n'kutayikira pa nsapato zawo, ndipo palibe anawapatsa nsalu.

Galimoto litapita, Dery anatsala chiimire, manja ali ndi mawanga a vanishi.

"Sindinadziwe, amayi."

"Ukadafunsa. Mpeni uja uli kuti? Vanishi yense uyu um'pala wekha, thabwa ndi thabwa. Koma choyamba gwada apa. Gwira chikho ichi, usagwedeze."

Dery anagwada. Ayuo anazunguza utomoni m'mphepete mwa kaboo, n'kunyambita chala chake chachikulu, monga ankachitira malemu mwamuna wake, n'kutola nacho kapepala kamodzi pa kalata ya boma. Anakamata, n'kukapemerera mpweya kuti kaume. Kenaka anapindanso kalatayo m'mizere yake yakale, kuti totsalato tisakwinyike.